Wavomera Chiyani Felista?

Chomwe chinamupalamulitsa Felista ndi ulemu basi. Masabata awiri m'mbuyomo, Benedicto atamuimitsa kuseri kwa msika wa pa Boma n'kumufunsira, mtsikanayu akanangoti "ayi", nkhani ikanathera pomwepo. Koma Benedicto anali bwenzi la ponda apa m'pondepo la amalume ake, a Alufeyo, ndipo ndiye ankawanyamulira mabelo a zitenje pa lole yake kuchokera ku Chipata. Munthu wotero umamukana bwanji maso ndi maso? Felista anangokanda pansi ndi chala cha kuphazi n'kunena zomwe atsikana ambiri amanena akafuna pothawira: "Ndikaganize kaye."

Kuganizako sanaganize n'komwe. Akanaganiza chiyani mtima uli kale kwa Timoteyo, mphunzitsi wa ku Kamwendo, yemwe anamuphunzitsa tchesi pa khonde la tchalitchi mpaka dzina lake kulowa m'kaundula wa osewera odziwika? Awiriwa anali atapangana kuti Loweruka likudzalo amalume ake a Timoteyo adzaonekere kwa a Alufeyo. Eni mbumbawo analola kuwalandira, koma monyinyirika.

"Abwere, mpando sitimana munthu," anatero a Alufeyo. "Koma mphunzitsi wakoyo wapambanapo chiyani chibadwire? Tchesi yomweyi, chaka chilichonse amangothera pa nambala thuu."

Mawu amenewa anamulasa Felista, ndipo anali akumupwetekabe Lamulungu m'mawa, tsiku lomaliza la mpikisano wa tchesi wa aliyense wa chaka cha 2004. Holo ya sekondale ina pa Boma inali itadzaza. Kunali osewera a ku Lilongwe, a ku Kasungu, ena odutsa chipata kuchokera ku Zambia, aliyense ndi nambala yake yosonyeza mphamvu. Felista anaima kutsogolo kwa pepala lomwe woweruza anamata pachitseko, naliwerenga kawiri. Pa bolodi yoyamba panali Timoteyo ndi mkulu wina wa ku Lilongwe. Pa bolodi yachiwiri panali Benedicto, wa mphamvu 1960, ndi Felista, wa mphamvu 1710.

"Msuweni, lero ndiye lero!" Anali Lucy, mwana wa a Alufeyo, amene anabwera kudzagulitsa mandasi ndi zakumwa pakhomo la holoyo. "Maola anayi maso ndi maso ndi amuna ako. Mwayi wanji umenewu?"

"Usandiyambe, Lucy. Amuna anga ndani?"

"Nanga unawakana? Unati ukaganize. Munthu woganiza ndiye kuti sanakane." Lucy anaseka, kenako n'kumufumbatitsa kapepala. "Kwaya. Aphunzitsi ako akuopa kuyandikira, ati adadi ali pompa."

Felista anatembenukira kukhoma n'kukafunyulula.

"Fe, ine ndi Benedicto tili ndi mapointi ofanana. Tikapambana tonse, woweruza akuti chikho chipita kwa iye. Usavutike n'kufuna kumupha, ingomutsekera njira. Mukalepherana, ine n'kupambana kwanga, chikho ndi chathu, ndipo Loweruka amalume akalowa pakhomo panu mutu uli m'mwamba. Akakupempha kuti mulepherane, vomera usanaphethire. Wako, T."

Anakapinda kanayi n'kukabisa m'thumba la siketi. Mtima unkagunda, koma kunali kugunda kokoma.

* * *

Benedicto anafika pa bolodi atatchena jekete la chikopa ngakhale kunja kunkatentha. Sanali woipa nkhope, zoona zinenedwe, ndipo tchesi ankaidziwa. Anaiphunzira pa chipata cha m'malire, masiku ambirimbiri odikira mapepala a lole. Anakoka mpando n'kuweramira kutsogolo.

"Mwadzuka bwanji, a Felista? Masabata awiri akwana lero, mukudziwa?"

"Tabwerera masewero, a Benedicto."

"Inenso ndabwerera omwewo," anayankha akumwetulira.

Woweruza anaomba m'manja, mawotchi n'kuyamba. Felista anali ndi zakuda. Anachita monga anauzidwira: anamanga mpanda wa asilikali pakati, mfumu n'kuibisa pakona, akavalo onse awiri pafupi ndi kwawo. Ola loyamba linatha Benedicto akungozungulira kunja ngati fisi pa khola lotseka bwino. Ola lachiwiri anayamba kukanda m'mutu. Anthu anayamba kusiya mabolodi ena n'kudzaima chete mozungulira kumbuyo kwa chingwe chotchinga, manja kumbuyo. A Alufeyo, omwe tchesi sankaidziwa ndi pang'ono pomwe, anakhala pa benchi yakutsogolo akugwedeza mutu ngati akuona zakuya.

Zinthu zikanayenda bwino Felista akanapanda kudzutsa maso. Koma anadzutsa. Pa bolodi yoyamba, mapazi atatu okha kuchokera pomwe anali, anaona Lucy ataima pambali pa Timoteyo, akupukuta botolo la fanta ndi nsonga ya chitenje chake. Analitsegula yekha, n'kuliika pafupi ndi dzanja la mphunzitsiyo, n'kumuchotsanso kaudzu paphewa. Timoteyo anayang'ana m'mwamba n'kumwetulira.

Kaudzu! Kaudzu kanji kokwera paphewa la munthu m'holo ya simenti? Ndipo fantayo waitanitsa ndani? Felista anamva kutentha m'makutu. Anabweza maso pa bolodi, koma zomwe ankaona zinali chitenje cha Lucy. Anagwira bishopu n'kumusuntha mwaukali, n'kumenya wotchi.

Asanachotse n'komwe dzanja anadziwa kuti wadzipha yekha. Benedicto anayang'ana, n'kuyang'ananso, ngati sakukhulupirira. Kenako kavalo wake analumpha n'kulowa pa mpata womwe bishopu uja anasiya. Posakhalitsa Felista anataya nsanja. Mpanda wonse unagumuka, mfumu yake n'kuyamba kuthawathawa pakona. Wotchi nayo inamuukira, kambendera kofiira kosonyeza kutha kwa nthawi kanali katadzuka, kakulendewera. Ngati kuti mavutowo ndi ochepa, cholembera chake chinauma pakati pa mzere. Anachikutumula, anachiuzira mpweya, koma ayi ndithu.

Benedicto anasolola china m'thumba la jekete, chonyezimira, chachitsulo, n'kuchikankhira kwa iye. Felista anachilandira osayang'ana n'komwe. Lamulo limati ulembe kuyenda kulikonse, ndipo nthawi yothokoza panalibe.

Kumbali kunamveka kusuntha kwa mipando ndi manong'onong'o. Timoteyo wapambana. Mkulu wa ku Lilongwe uja anali atagoneka mfumu yake. Tsopano chikho chonse chinali m'manja mwa Felista. Misozi inalengeza. Ankangomva wotchi, ke ke ke, ndi mtima wake.

Benedicto anasuntha mfumukazi yake pang'onopang'ono. Wotchi sanaimenye. Anaweramira kutsogolo n'kunong'ona. Mawu oyamba anasokonekera m'phokoso la mipando, koma omaliza Felista anawamva bwinobwino.

"...tigwirizane pompano. Mukuvomera?"

Dzanja lake linali litatambasuka pamwamba pa bolodi. Pa tchesi, munthu akayenda, osamenya wotchi, n'kutambasula dzanja ndi funso, tanthauzo lake ndi limodzi: akupempha kuti mulepherane. Felista sanaphethire.

"Ndavomera!" anatero mokweza, holo yonse n'kumva, ndipo anagwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri.

Anasayina mapepala. Theka kwa uyu, theka kwa uyo. Atafuna kubweza cholembera chija, Benedicto anapinda zala za mtsikanayo mozungulira chitsulocho.

"Sungani. Ndi chanu chimenecho."

Felista anangoti zikomo. Maso ake anali akusakasaka Timoteyo kuti amuuze ndi nkhope kuti chikho ndi chathu. Anamupeza ataima kumbuyo kwa anthu, koma sankayang'ana iye. Ankayang'ana bolodi, nkhope ili gwa.

* * *

Panja, pansi pa mtengo wa mango, Felista anapeza zodabwitsa. Benedicto anali atanjuta pamaso pa a Alufeyo, jekete lachikopa lili pabondo, akuomba m'manja mwaulemu.

"Bambo, mwadzimvera nokha. Wavomera."

"Ndamva ndi makutu angawa!" A Alufeyo anaseka mpaka chipewa kugwa. "Holo yonse yamva. Mwana wa mlongo wanga sachita zobisa. Felista, tabwera kuno, mama. Wandichotsa manyazi lero."

Amayi awiri ogulitsa nthochi, omwe sankadziwa n'komwe chiyambi cha nkhani, anayamba nthungululu. Felista anayandikira.

"Amalume, ndavomera chiyani?"

"Iii, ukufunsanso ine? Wavomera ndiwe."

"Ndavomera kuti tilepherane! Masewero, amalume. Pa tchesi munthu akatambasula dzanja..."

"Mwana iwe, ine tchesi sindiidziwa, koma anthu ndawafunsa," anatero a Alufeyo akutola chipewa. "Onse akuti iwe unali utafa kale. Akuti Benedicto anatsala n'kuyenda katatu kuti akumalize n'kunyamula chikho. Ndiye undiuze, mwamuna wamisala uti angataye chikho chili m'manja popanda chifukwa? Wataya chifukwa cha iwe. Ndipo m'manja mwakomo muli chiyani?"

Felista anayang'ana. Cholembera chija chinkanyezimira padzuwa.

"Changa chinauma. Anangondibwereka."

"Wobwereka amanena kuti sungani?" anafunsa Benedicto mofatsa. "Ndinachigula ku Chipata tsiku lomwe munati mukaganize. Ndi chikole changa, bambo. Walandira anthu akuona."

Felista anachitambasula msangamsanga kuti amubwezere, ngati chikumuotcha, koma a Alufeyo anachilanda n'kuchilowetsa m'thumba la malaya.

"Chikole sachibweza mwana pamsewu ngati chenje cha minibasi. Chikafuna kubwerera chimadzera kwa ine, ndipo ine sindikuona chifukwa."

Atachoka amalumewo kukauza anzawo, Felista anamutsekera njira Benedicto. Ulemu uja unali utamuthera.

"A Benedicto, mundiuze zoona pamaso pa Mulungu. Munandifunsa chiyani pa bolodi paja?"

"Chomwe munavomeracho."

"Musandizunguze mutu! Papepala mwalemba nokha theka-theka."

"Nanga banja n'chiyani, a Felista? Si theka-theka lomwelo?"

"Munanena za masewero kapena za banja?"

Benedicto anamuyang'ana nthawi yaitali. Kumwetulira kunali kutachoka, ndipo chomwe chinatsala pankhope pake chinamusokoneza Felista kuposa chipongwe. Munthuyu ankaoneka ngati wamva kuwawa.

"Munandigwira ndi manja awiri," anatero motsitsa. "Olepherana pa tchesi ndakumana nawo ambiri. Palibe anandigwirapo ndi manja awiri."

Felista anayang'ana manja ake. Anagwiradi ndi manja awiri. Koma si mmene anamulerera, kuti wamkulu sumupatsa dzanja limodzi? Kapena chinali chimwemwe cha chikho? Iye mwini sanathenso kusiyanitsa.

* * *

Mphoto anapereka dzuwa litapendeka. Timoteyo anaitanidwa, anthu anaomba m'manja, iye n'kulandira chikho ngati akulandira kalata ya maliro. Sanachikweze m'mwamba. Mwambo utangotha anazimiririka.

Felista anamufuna kumsika, anamufuna pa siteji ya minibasi za ku Kamwendo, n'kudzamupeza pomwe akanayambira, m'kalasi yopanda anthu kuseri kwa holo. Chikho chinali pansi pafupi ndi chitseko. Patebulo panali bolodi, zidole zitaimikidwa ndendende mmene zinalili pa masewero aja.

"Timo," anaitana.

"Khalani pansi, a Felista."

A Felista! Chiyambire chibwenzi chawo Timoteyo anali asanamutchulepo choncho. Anakhaladi pansi.

"Timo, si iwe unalemba kuti akakupempha vomera usanaphethire? Kapepala ndili nako apa."

"Ndinalemba kuti akakupemphani kulepherana. Tiyeni tione ngati munthu angapemphe zimenezo apa." Anagwira mfumukazi yoyera. "Tcheki. Mfumu yanu ithawira apa, kwina kulibe. Nsanja ibwera, tcheki. Mutchinga ndi kavalo. Mfumukazi idya kavalo, basi mwafa. Katatu. Mwana wa Sitandade 5 angazione. Benedicto ndasewera naye zaka zisanu ndi chimodzi, sanasiyirepo munthu ngakhale msilikali mmodzi waulere. Lero wasiya chikho."

"Chifukwa chake ndikuchidziwa ine? Mwina anafuna kunditchera msampha!"

"Mwina. Nanga ichi?" Anabweza zidole m'mbuyo mwachangu, mpaka pomwe mpanda uja unali usanagumuke. "Apa inu munali bwino. Munali bwino kuposa iye. Kavalo uyu akanalumpha apa, mukanadya mfumukazi yake. Tinaziphunzira limodzi, pa khonde la tchalitchi, kangati? Koma inu munatenga bishopu n'kumutsegulira chitseko. Iye wakuchitirani chifundo, inu mwamuchitira chifundo. Ine ndiye chitsiru chonyamula chikho cha chifundo."

Felista anayang'ana bolodi. Zinali zoona. Kavalo anali pomwepo, njira ili poyera. Anagwira pakamwa.

"Sindinaone," ananong'ona.

"Inu? Osaona chimenechi?"

"Ndimayang'ana iwe! Iwe ndi Lucy, ndi fanta wanuyo, ndi kaudzu ka paphewa! Kaudzu kanachokera kuti, Timoteyo?"

Timoteyo anaphethira. Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inafewa, ndipo nayenso anaoneka wosokonezeka.

"Kaudzu kanji? Fanta anangobweretsa yekha, anati watumidwa ndi iwe."

"Ndi ine? Ine ndinatuma munthu?"

Anayang'anizana. Mawu oti "iwe" anali atabwerera, ndipo Felista anawagwira ndi mtima wonse. Timoteyo anakhala pa desiki n'kufikisa m'maso.

"Fe, mutu wanga waima. Ndikufuna kukukhulupirira, Mulungu akudziwa. Kunjaku aliyense akundipatsa moni wachisoni. Amalume ako auza kale anthu kuti Loweruka alandira akwawo kwa Benedicto, tsiku lathu lomwelo. Ine amalume anga ndiwatumize akakhale pa mphasa imodzi ndi anthu amenewo? Pokhapokha pakhale wina amene anamva zomwe ananena. Anali pafupi ndani?"

Felista anaganiza. Woweruza anali ku bolodi yoyamba. Oonerera anali kumbuyo kwa chingwe. Amene anadutsa pafupi ndi tebulo nthawi imeneyo, akutola mabotolo, anali mmodzi yekha.

"Lucy," anatero, mawu akulemera.

Sanavutike kumufuna. Anali panja pomwepo pa khonde, beseni la mandasi lili pambali, ngati munthu wodikira kuitanidwa. Analowa mwaulemu n'kuima pafupi ndi chitseko.

"Lucy, za fanta tikambirana kunyumba," anatero Felista. "Pano unene zoona zokhazokha. Unamva zomwe ananena a Benedicto?"

"Ndinamva."

"Anati chiyani?" anafunsa Timoteyo.

Lucy anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje.

"Msuweni, undikhululukire, ine bodza sindilitha. Mawu oti kulepherana sindinawamve. Ndinamva akuti, 'Yankho langa lija, tigwirizane pompano. Mukuvomera?' Iwe n'kuti wavomera."

"Bodza!" Felista anadzambatuka, zidole n'kugwa. "Timo, ukuona? Akufuna iwe ameneyu! Wayamba kalekale!"

"Mwina akunama," anatero Timoteyo pang'onopang'ono. Anaimirira n'kumugwira mapewa, maso ali m'maso mwake. "Mwina akunamadi. Ine sindifuna mboni ina, ndifuna iwe. Lumbira, Fe. Lumbira kuti mawu amenewo sanawanene, ndipo ine ndikwera njinga pompano kukauza amalume kuti Loweruka ulendo ulipo, zivute zitani."

Zinali zophweka. Liwu limodzi lokha. Felista anatsegula pakamwa, n'kubwerera m'maganizo ku bolodi kuja. Anamva mipando ikukhuluzika. Anamva wotchi. Anaona milomo ya Benedicto ikugwedera, mawu oyamba aja akumira m'phokoso. Anali mawu angati? Atatu? "Masewero athu ano"? "Yankho langa lija"? Onse ankakwana bwinobwino pa mpata umenewo. Akanatha kunama, ndipo Timoteyo akanakhulupirira. Koma Felista anali asanamunamizepo mnyamatayu chiyambire, ndipo lilime linakana.

"Sindinamve bwino," anatero, misozi ikutsika. "Timo, chiyambi chake sindinachimve."

Manja a Timoteyo anatsika pamapewa pake.

"Ndiye kuti munavomera chinthu chomwe simunachimve."

"Ndinavomera chifukwa cha iwe!"

"Mwina n'zoona," anatero mnyamatayo. "Koma pa mphasa sakafunsa chifukwa, a Felista. Akafunsa ngati munavomera. Ndikawauza amalume asavutike n'kuchapa jekete lawo la ulendo wa Loweruka."